Amatsenga onse ndi amuna, nanga mbale akutsuka ndani?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire. Ine si mphunzitsi ngati ambiri a inu. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa benchi mumsika, ndipo sukulu ndinalekezera Fomu 4. Koma kuwerenga ndiye matenda anga kuyambira kale. Lero ndikufuna ndikuuzeni za buku limene linandikanganitsa ndi mwana wanga yemwe chifukwa cha mbale imodzi. Ndichenjezeretu kuti ndiulula mathero a nkhani, ndiye amene mumadana nazo zimenezo mundikhululukire.

Amene munakhalapo pa benchi mukudziwa kuti ikangokwana 1 koloko msika umagona. Makasitomala kulibe, dzuwa lili paliwombo, anzanga ena amaodzera, ena amalukana tsitsi, ena ali pa foni. Ine nthawi imeneyo ndimawerenga. Mabuku ndimagula kwa mnyamata wina amene amawayala pansi pafupi ndi pokwerera minibasi. Tsiku lina ndinapeza chibuku chonenepa, chikuto chakumbuyo chitachoka, dzina lake The Earthsea Quartet, wolemba Ursula K. Le Guin. Ndinachigula chifukwa cha kunenepako basi. Ndinawerengera kuti mabuku anayi m'chikuto chimodzi pa mtengo wa milu ingapo ya tomato, pamenepo sindinaluze.

Earthsea ndi dziko longopeka, la zilumba zambirimbiri pakati pa nyanja yaikulu. Kuli amatsenga, kuli zinjoka zikuluzikulu zouluka, zolavula moto, komanso zolankhula. Chinthu chilichonse kumeneko chili ndi dzina lake lenileni lobisika, ndipo wodziwa dzinalo amakhala ndi mphamvu pa chinthucho. Nchifukwa chake munthu saulula dzina lake lenileni kupatula kwa amene amamukhulupirira ndi mtima wonse. Buku loyamba, A Wizard of Earthsea, linatuluka mu 1968. Ndi nkhani ya Ged, mnyamata woweta mbuzi wa pachilumba cha Gont, amene anapita kusukulu ya matsenga pachilumba cha Roke. Kumeneko, chifukwa cha matama ndi mpikisano ndi mnzake, anatulutsa chinthu choopsa chonga chithunzithunzi, ndipo chinayamba kumusaka kulikonse kumene ankapita.

Ndinalikonda bukuli, osanama. Tsiku lina kasitomala anachita kundigwedeza phewa ati, "Mayi, mukugulitsa kapena mwabwera kusukulu?" Chinanso chimene chinandikoka nchakuti Ged si mzungu. Khungu lake ndi lofiirira, mnzake wapamtima Vetch ndi wakuda, ndipo azungu a m'nkhaniyi ndi anthu a ku Kargad amene amabwera ndi zombo kudzawotcha midzi. Ndinati eya, wolemba uyu ndi wanzeru. Ndipo mumtima mwanga ndinkati "bambo uyu". Dzina loti Ursula ndinali ndisanalimvepo, koma sindinadzifunse nkomwe. Ndinangotenga kuti ndi mwamuna.

Tsopano tamvani za akazi a m'buku loyambali. Mayi a Ged anamwalira iye ali khanda. Amene anayamba kumuphunzitsa mawu a matsenga ndi mlongo wa mayi akewo, mayi wazitsamba wa m'mudzi, koma bukulo limamuonetsa ngati mbuli yodziwa tizinthu tochepa, tina tabodza, ndiponso wofuna kumugwiritsa ntchito mwanayo. Pali mtsikana wina wokongola, Serret, amene ntchito yake m'nkhaniyi ndi kumukola Ged pamsampha. Pali Yarrow, mlongo wake wa Vetch, mtsikana wabwino amene amasamala pakhomo ndi kukonzera amuna kamba wa paulendo. Kusukulu ya Roke mtsikana salowa. Aphunzitsi akuluakulu asanu ndi anayi, onse amuna. Mkulu wa amatsenga onse, mwamuna. Ndipo anthu a ku Earthsea ali ndi mwambi wawo wonyoza matsenga a akazi, woti ndi ofooka komanso oipa.

Inu mukuganiza kuti zimenezi zinandipweteka? Ayi ndithu. Sindinazione nkomwe. Ndinkawerenga nditakhala pa mpando wanga, chitenje m'chiuno, manja akununkha anyezi, koma m'mutu mwanga ndinali Ged. Za mayi wazitsamba uja ndinkamunyoza limodzi ndi bukulo. Apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse, abale anga. Munthu wamkazi, wa ana awiri, kuwerenga buku lonse lathunthu la dziko limene mkazi saloledwa pakhomo la sukulu, osadabwa ngakhale pang'ono. Bwanji? Chifukwa zinali zozolowereka. Ifenso tili nawo mwambi wathu, uja woti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Tinaumva mpaka kutopa nawo m'maminibasi nthawi imene mayi Joyce Banda ankatsogolera dziko lino, kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo ena ounena anali akazi anzathu.

Buku lachiwiri, The Tombs of Atuan, ndi la mtsikana. Tenar anatengedwa kwa makolo ake ali ndi zaka zisanu kuti akatumikire mizimu yopanda maina kumanda a ku Atuan. Anamulanda dzina lake nkumutcha Arha, kutanthauza wodyedwa. Anamupatsa ulemu waukulu, anthu ankamugwadira, koma ufumu wake unali mapanga a mdima apansi pa nthaka kumene nyali siloledwa. Kenako kunabwera Ged kudzafuna theka la mphete yakale ya Erreth-Akbe. Tenar akanatha kumusiya kuti afere mumdimamo, koma anamupatsa madzi ndi chakudya, Ged nkumubwezera dzina lake, ndipo anathawa limodzi. Ndi buku lokoma kwambiri. Koma taonani: dzina la mtsikana anachita kumubwezera ndi mwamuna wochokera kunja. Buku lachitatu, The Farthest Shore la 1972, ndiye akazi mulibemo kwenikweni. Ged, amene tsopano ndi mkulu wa amatsenga onse, akuyenda panyanja ndi mwana wa mfumu, Arren, mpaka kudziko la akufa, kumene akuthera mphamvu zake zonse potseka chibowo chimene wamatsenga wina wofuna moyo wosatha anatsegula.

Ndiye ndinatsegula lachinayi, Tehanu. Masamba oyambirira ndinatsala pang'ono kulitaya. Ndinkayembekezera zombo ndi zinjoka, koma ndinapeza mayi wamasiye wachikulire pa munda, akuweta nkhosa, akupota ulusi. Mayi ameneyo ndi Tenar yemwe uja. Ged atamufikitsa ku Gont anamusiya kwa mphunzitsi wake Ogion, wamatsenga wamkulu, amene anali wokonzeka kumuphunzitsa. Koma Tenar anasiya zonsezo nkukwatiwa ndi mlimi dzina lake Flint, anabereka ana awiri, anthu a m'mudzi nkumangomutcha Goha. Ine ndinakwiya naye. Ndinati mayi iwe, mwayi ngati umenewo kuusiya chifukwa cha banja? Kenako ndinadzigwira pakamwa, chifukwa ndinakumbukira mmene ndimamvera ndikakumana ndi anzanga a kusukulu amene ali m'maofesi, akandiyang'ana pa benchi ndi diso lija loti "koma unali wanzeru iwe". Ngati kuti moyo wonse umene ndakhala chimalizireni sukulu ndi ngozi chabe.

Ndinapita pa foni kukafufuza za wolembayu, ndipo mpamene ndinadziwa kuti ndi mayi. Anabadwa mu 1929 ku Berkeley, ku America, anamwalira mu 2018. Tehanu analitulutsa mu 1990, patapita zaka 18 chitulukire lachitatu lija. Mayiyu sanabise. Pa nkhani imene anakakamba ku Oxford mu 1992, anavomera kuti mabuku oyambawo anawalemba motsatira mwambo wa nkhani za ngwazi umene anaupeza, mwambo umene ngwazi imakhala mwamuna ndipo mkazi amaima pambali. Tangoganizani. Munthu amene anatha kupeka dziko lathunthu, ndi mapu ake, ndi chilankhulo cha zinjoka, amene anakana kuti ngwazi yake ikhale mzungu, koma pa nkhani ya akazi anangokopera za dziko lathu lomwe lino osazindikira. Ndiye ine wa tomato ndikanaona bwanji?

Chimene ndimamulemekezera nchakuti sanabwerere kukafufuta zimene analemba. Sanalembenso buku loyamba kuti ku Roke kukhale atsikana. Dziko analisiya mmene linalili, koma anatisuntha ife owerenga, kutichotsa pa bwato la Ged nkutikhazika kukhitchini kwa Tenar. Ndipo ukakhala kukhitchiniko, dziko lomwe lija limaoneka lina.

Nkhani ya Tehanu imayamba ndi mwana wamkazi amene anthu oyendayenda, omwe ankakhala naye ngati makolo, anamuchita zoipa, kumumenya, nkumukankhira pamoto. Theka la nkhope linapsa, diso limodzi linafa, dzanja limodzi linapuwala. Tenar anamutenga nkumutcha Therru. Palibe matsenga amene anachiritsa zipsera zimenezo. Anthu akamuona mwanayu panjira amayang'ana kumbali, ena amaganiza kuti payenera kuti pali chimene analakwa. Ndipo mmodzi wa amuna amene anamupweteka akuyendabe momasuka, akumalondola mwanayo. M'mabuku atatu oyamba zoopsa zinali mizimu ndi zinjoka. Muno choopsa ndi mwamuna wamba amene wakhala m'mbali mwa msewu pamene iwe ukuyenda wekha ndi mwana. Pali usiku wina umene amunawo anazungulira nyumba ya Tenar, iye akuthamanga kutseka zitseko ndi mawindo, mpeni wa kukhitchini uli m'manja. Anzanga amene timadzuka 4 koloko m'bandakucha kupita kukaoda katundu, ndalama za mpamba titamanga pachitenje, mantha amenewo mukuwadziwa. Ine sindinawerengepo buku la matsenga limene limawadziwa mantha amenewo.

Malo awiri anandilasa kwambiri. Oyamba ndi pa imfa ya Ogion. Tenar ndi amene anayenda ulendo wautali kukamudwazika, ndi amene anali pambali pake akutsirizika, ndipo ndi iye amene nkhalambayo inamuuza dzina lake lenileni ndi malo amene inkafuna kuikidwa. Mmawa mwake kunafika amatsenga awiri olemekezeka nkuyamba kukambirana za maliro ngati kuti mayiyo ndi mtengo. Achiwiri ndi pa chombo cha mfumu yatsopano, Arren uja, amene tsopano akutchedwa Lebannen. Akuluakulu a ku Roke ankasowa wolowa m'malo mwa Ged, ndipo mmodzi wa iwo analosera kuti yankho lili kwa mkazi wina wa ku Gont. Anzeru onse aja anamasulira kuti ndiye kuti mkaziyo ndi mayi kapena mlongo wa mwamuna amene akumufuna, woti angowalozera njira. Tenar anayesa kumuuza mmodzi wa iwo kuti mwina zinthu zikusintha kuposa mmene akuganizira. Bamboyo anamuyankha mwaulemu wonse, koma sanamve kanthu. Sikuti anali woipa mtima. Makutu ake sanazolowere mawu a mkazi basi.

Ndinaika buku pansi nkuseka ndekha, chifukwa zimenezi zinandichitikirapo. Kumsika kwathu ambiri ndife akazi, koma wapampando wa komiti ndi mwamuna, wachiwiri wake mwamuna, mlembi mwamuna. Mkazi amapatsidwa usungichuma, ati poti akazi saba. Nthawi ina panali madandaulo pa ndalama zimene timasonkha zolipira alonda a usiku. Ine ndinaimirira nkunena kuti bwanji tigule kope, aliyense akapereka azilembedwa, ndipo Loweruka lililonse maina aziwerengedwa poyera. Anangoti, "Tamva mayi, khalani pansi." Tisanabalalike, bambo wina anaimirira nkunena zomwezo, mawu ake omwewo, kope lomwelo, Loweruka lomwelo. Anthu m'manja phuphuphu. Ndipo ine ndemwe, mwandimva, ndinaomba nawo.

Nanga Ged? Chinjoka Kalessin chinamutula ku Gont ali wofooka, matsenga onse atatha. Munthu amene dziko lonse linkamuopa tsopano ankabisala kwa alendo chifukwa cha manyazi, mpaka anathawira kuphiri kukaweta mbuzi za eni. Apa bukuli linandiphunzitsa chinthu chimene sindinkachiganizira, kuti mwambo umenewu umapwetekanso amuna. Anamuphunzitsa kuti iye ndi mphamvu zakezo basi, ndiye zitatha anaona ngati munthu watha. Ndani wa ife sanaonepo bambo amene ntchito yamuthera, nkumangokhala pakhonde osalankhula, mkazi wake akuthamanga ndi geni, iye kulephera ngakhale kuyatsa mbaula chifukwa anthu aona? Usiku uja wa amuna ozungulira nyumba, Ged anafika nkuthandiza Tenar, koma osati ndi ndodo ya matsenga. Anagwiritsa ntchito chifoloko cha udzu wa ziweto, ngati mlimi wina aliyense. Kwa ine pamenepo ndi pamene anakhala munthu.

Tsopano tifike pa mbale ija. Chakumapeto, mwana wamwamuna wa Tenar, Spark, anabwera kuchokera ku ntchito ya pa zombo patapita zaka. Mwa lamulo la ku Gont munda ndi wake, ngakhale kuti amene anausamala zaka zonsezo ndi mayi ake. Anafika, anakhala pansi, anadya, nkusiya mbale pomwepo kuti akazi achotse. Mayi ake atamuuza kuti aichotse yekha, anayankha kuti imeneyo ndi ntchito ya akazi. Ndipo Tenar anazindikira kuti mwanayu sanagwe kumwamba. Anakulira m'nyumba mwake momwemo, akuona bambo ake akutumikiridwa zaka zonse, ndipo womutumikirayo anali iye.

Tsiku limene ndinawerenga pamenepa ndinafika kunyumba mdima utagwa. Tinadya nsima. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 13, anasamba m'manja, kudzuka, nkumapita. Mlongo wake wa zaka 10, amene anali atatunga kale madzi ndi kusesa, anayamba kusonkhanitsa mbale osauzidwa ndi munthu. Zimenezi zakhala zikuchitika tsiku lililonse, koma tsiku limenelo ndinaziona.

Ndinati, "Iwe, bwerera. Tenga mbale yako ukatsuke."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china. "Amayi, ndalakwa chiyani?"

Mwamva funso limenelo? Kwa iye kutsuka mbale ndi chilango. Ndipo anali ndi chifukwa chofunsira, poti ndine ndemwe ndinkati akafuna kulowa kukhitchini ali wamng'ono ndinkamuthamangitsa kuti apite akasewere ndi anyamata anzake. Ndine ndemwe ndinkadzutsa mlongo wake m'mamawa iye nkumusiya agone. Palibe bambo amene anandigwira pakhosi kuti ndichite zimenezo. Usiku umenewo anatsuka akung'ung'udza, ndipo anakhala masiku awiri osandilankhula bwinobwino. Apongozi anga atamva anandiitana. "Amake mwana, mukufuna mnyamatayu anzake azimuseka? Mlongo wake alipo, vuto nchiyani?" Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, mlongo wakeyo nayenso ali ndi mayeso." Sanakhutire, ndipo mpaka lero sitinagwirizane.

Sindikunena kuti Tehanu ndi buku lopanda chilema. Alipo owerenga amene amadandaula kuti ndi lozizira, kuti linawaonongera Ged wawo, ngakhale kuti linapata mphoto ya Nebula. Dandaulo langa ndi lina. Kumapeto, wamatsenga woipa Aspen, amene amadana ndi Tenar chifukwa choti ndi mkazi wosagonja, anamulodza mpaka kumulanda mawu nkumuyendetsa chokwawa ngati galu. Amene anawapulumutsa ndi Therru, kamwana konyozeka kaja, kamene kanaitana Kalessin. Chinjokacho chinabwera, chinawotcha adaniwo, nkumutcha mwanayo mwana wake, dzina lake lenileni Tehanu. Ndinasangalala, inde, mpaka misozi. Koma nditatseka buku ndinati, nanga ana athu opsa, amene tikuwadziwa m'makwalala mwathu, chinjoka chawo chili kuti? Kwathu kuno sichibwera. Chimene tili nacho ndi gawo la Tenar lija: kumutenga mwanayo, kumusambitsa, kumuuza kuti sanalakwe, ndi kuima pakhomo. Mwina wolembayo ankadziwa zimenezo, chifukwa masamba a chinjoka ndi ochepa, pamene masamba a kulera ndi buku lonse.

Mayi Le Guin sanalekere pomwepo. Ngakhale Tehanu analitcha buku lomaliza la Earthsea, mu 2001 anatulutsa ena awiri, Tales from Earthsea ndi The Other Wind. Loyambalo anandibwereka mnzanga wa m'gulu momwe muno, zikomo kwambiri achemwali. Mmenemo timamva kuti sukulu ya Roke ija anaiyambitsa ndi akazi ndi amuna limodzi, ndipo akaziwo anachita kuchotsedwa pambuyo pake, mbiri yawo nkuiwalika. Ndiye lamulo lija limene aliyense ankati ndi lachikhalire linali ndi tsiku limene linayamba, ndi anthu amene analiyambitsa. Chimene chinayambitsidwa ndi anthu, anthu akhoza kuchisintha.

Ndikudziwa kuti ambiri muno mumalemba nkhani, ndipo ndimaziwerenga Lachisanu lililonse pa benchi yanga. Sindikukuuzani kuti mulembe nkhani zolalikira za jenda, zija zonunkha semina. Ndikungopempha kuti mukamaliza kulemba, mubwerere muwerenge akazi amene alimo. Kodi ali ndi maina? Akalankhula, nkhani imasintha, kapena amangobweretsa madzi osamba m'manja nkutuluka? Ngati mwalemba za mfiti, bwanji nthawi zonse imakhala gogo wamkazi wosauka wa kumapeto kwa mudzi, pamene sing'anga wamphamvu woigwira amakhala bambo? Ndikufunsa akazi anzanga omwe, chifukwa ngati katswiri ngati Le Guin zinamudutsa kwa zaka 18, ife sitingadzitame kuti maso athu ndi otsegula kale.

Mnyamata wanga pano amatsuka mbale Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anzake akagogoda pageti amathamanga kukapukuta manja kuti asamuone. Sindimukakamiza pa zimenezo, m'mera mpoyamba ndipo ine ndinachedwa. Chibuku chija ndinamupatsa. Ali pakati pa loyamba, ndipo akuti Ged ndi dolo. Ndikudikira afike pa lachinayi.

Nanga inu, ndi buku liti limene munaliwerenga kawiri, ulendo wachiwiri nkupeza munthu amene ulendo woyamba simunamuone? Lembani pansipa. Ndiwerenga mawa masana msika ukagona, poti pano ndiyenera kukagona ndine, tomato sadikira.